Utomoni wa Mango pa Galimoto: Spiriti kapena Palafini?

Kuno ku Kasungu dzuwa la Okutobala limatithamangitsira pansi pa mitengo ya mango, ndipo utomoni umadonthera pa boneti. Ukauma umadya penti.

Ambiri amathamangira palafini poti ali m'nyumba kale. Amachotsadi, koma amasiya mafuta ndi fungo, ndipo amasukulutsa polishi. Muyenera kutsukanso ndi sopo kawiri.

Ine ndimakonda spiriti wa ku famase. Nyowetsani kansalu kofewa, kaikeni pa banga kwa mphindi 1 kapena 2, kenaka pukutani pang'onopang'ono. Amauma msanga, sasiya mafuta. Nayenso amachotsa polishi, choncho pakani wina pamalopo.

Chonde, musapale ndi mpeni kapena chikhadabo. Ndipo chitani izi pamthunzi, galimoto itazizira.