Chotupa cha mu ubongo: opaleshoni kapena radiosurgery?

Dokotala akaona chotupa pa chithunzi cha ubongo, njira ziwiri zimatchulidwa kawirikawiri: kutsegula chigaza n'kuchotsa chotupacho, kapena kuchilasa ndi cheza champhamvu popanda kucheka paliponse, njira yotchedwa radiosurgery. Odwala ambiri ndi abale awo mtima umathamangira ku yachiwiriyi, ndipo m'pomveka, palibe amene amafuna mpeni m'mutu. Koma njira ziwirizi sizigwira ntchito yofanana. Opaleshoni imachotsa chotupa tsiku lomwelo ndipo imapereka kachidutswa kokayeza. Radiosurgery imasiya chotupa pamalo pake n'kuchilepheretsa kukula. Posankha, madokotala amayang'ana zinthu zitatu: kodi mtundu wa chotupacho wadziwika, n'chachikulu bwanji, nanga chamera pati.

Tiyambe ndi kudziwa mtundu, chifukwa pakalakwika apa zonse zotsatira zimalakwikanso. Sikani ya CT ndi yachangu ndipo imaonetsa bwino mafupa ndi magazi otayikira, koma yodalirika pa zotupa ndi MRI, makamaka akabaya mu mtsempha mankhwala a gadolinium amene amachititsa chotupa kuwala pa chithunzi. Komabe chithunzi chimanamiza. Chithupsa cha mafinya, chotupa cha TB, ngakhalenso matenda a toxoplasmosis (oyamba ndi kachilombo kena) mwa munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, zonsezi zimatha kuoneka ngati khansa: kamkombero kowala, pakati pakuda, m'mbali motupa. Pa kafukufuku wa Roy Patchell ndi anzake wa mu 1990, odwala 6 mwa 54 amene ankaganiziridwa kuti khansa yawo yafalikira ku ubongo anapezeka ndi vuto lina atayeza kachidutswa. Kulasa chithupsa cha mafinya ndi cheza n'kutaya nthawi pamene munthu akufunika mankhwala opha tizilombo.

Choncho ngati pali chikayiko, pamafunika kachidutswa ka chotupacho. Pamene chili mkati kwambiri moti sichingachotsedwe, amaboola kabowo kakang'ono pa chigaza n'kulowetsa singano motsogozedwa ndi kompyuta. Pali chenjezo limodzi lofunika kwambiri pano. Mankhwala a dexamethasone amaphwetsa ubongo wotupa ndipo wodwala amapezako bwino msanga, koma ngati chotupacho ndi lymphoma, khansa ya maselo oteteza thupi, mankhwalawa amatha kuchisungunula kwa kanthawi, kachidutswa kakatengedwa osaonetsa kanthu, matenda n'kudzabweranso. N'chifukwa chake madokotala akakayikira lymphoma amayesetsa kuti asapereke mankhwalawa kachidutswa kasanatengedwe, pokhapokha moyo uli pachiswe. Ku labotale amaika chotupa pa giredi 1 mpaka 4, malinga ndi kuopsa kwake, motsatira ndondomeko ya bungwe la WHO, yomwe inakonzedwanso mu 2021, ndipo pa zotupa za mtundu wa glioma, zoyambira m'maselo a ubongo weniweniwo, amayezanso kusintha kwa majini monga IDH ndi 1p/19q. Zotsatira zimenezi ndi zimene zimatsogolera chithandizo chonse. Radiosurgery payokha sipereka chilichonse mwa izi. Imagwiritsidwa ntchito popanda kuyeza kachidutswa pokhapokha chithunzi ndi mbiri ya wodwala zikugwirizana bwinobwino, monga pa meningioma (chotupa cha pa chikopa chokuta ubongo) yooneka mosakayikitsa, chotupa cha pa mtsempha wa makutu chotchedwa vestibular schwannoma, kapena tizotupa tingapo mwa munthu wodziwika kale kuti ali ndi khansa ya m'mapapo kapena ya m'mawere.

Opaleshoni imayenda motere. Wodwala amagonekedwa tulo, mutu umamangidwa ndi chitsulo cha mapini atatu kuti usasunthe, ndipo zithunzi za MRI zimalowetsedwa m'makina olondolera njira. Dokotala amacheka khungu, n'kudula chibenthu cha fupa, n'kutsegula chikopa chokuta ubongo, kenako n'kuyamba kupatula chotupa poyang'ana pa maikulosikopu. Pomaliza fupa lija amalibwezera ndi timapuleti ta titanium. Ngati chotupa chayandikira malo olamulira kulankhula, wodwala amadzutsidwa opaleshoni ili mkati, popeza ubongo weniweniwo sumva kuwawa. Amamuonetsa zithunzi kuti azitchula, dokotala akukhudza ubongo ndi kamphamvu kochepa ka magetsi. Mawu akangodukiza, malo amenewo sadulidwa. Pa glioma yoopsa, ena amamwetsa wodwala mankhwala a 5-ALA maola angapo opaleshoni isanayambe, ndipo chotupa chimawala mofiirira akachiunika ndi kuwala kwa buluu. MRI ina imajambulidwa pasanathe masiku awiri kapena atatu kuti aone chimene chatsala. Akachedwa, kusintha kwa pachilonda kumayamba kuwala ngati chotupa n'kusokoneza chithunzi.

Ubwino waukulu wa opaleshoni ndi wakuti imapatsa ubongo malo nthawi yomweyo. Chigaza sichitamuka. Chotupa chachikulu chikamakankha ubongo, munthu akusanza m'mawa, akuwodzera, mwendo kapena mkono ukufooka, kapena chikatseka njira ya madzi a mu ubongo kunsi kwa nkhongo, palibe cheza chimene chingathandize pa nthawi yake. Apa mpeni ndiwo upulumutsa moyo, ndipo kuuzengereza chifukwa cha mantha n'koopsa kuposa opaleshoniyo. Zovuta zake n'zodziwika: kutaya magazi, chilonda kulowa tizilombo, madzi a mu ubongo kudontha pa bala kapena m'mphuno, kugwa ngati wakhunyu, magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo chifukwa chogona nthawi yaitali, komanso kufooka kwa ziwalo kapena kuvutika kulankhula ngati mbali yofunika yakhudzidwa. Wodwala amagona m'chipatala masiku angapo, ndipo mphamvu zimabwerera pakapita milungu.

Radiosurgery inayambitsidwa ndi Lars Leksell, dokotala wa opaleshoni ya ubongo wa ku Sweden, amene anafotokoza ganizoli mu 1951, ndipo makina ake oyamba a Gamma Knife anayamba kugwira ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Kagwiridwe kake kali ngati anthu ambiri ataima mozungulira, aliyense n'kuloza tochi yake yofooka pamalo amodzi: pamene kuwala konse kwakumana m'pamene pamawala kwambiri. Gamma Knife yamakono ili ndi magwero 192 a cobalt-60, chitsulo chotulutsa cheza, pomwe yakale inali ndi 201. Cheza chilichonse chimadutsa mu ubongo wabwino chili chofooka, koma pokumanirapo mphamvu yake imawononga DNA ya maselo a chotupa ndi timitsempha tochidyetsa. Pa tsiku la chithandizo amabaya mankhwala a dzanzi malo anayi pa mutu n'kumangirira felemu ndi mapini, amajambula MRI, kenako dokotala wa opaleshoni, dokotala wa cheza ndi katswiri wa fizikisi amakonza pulani pa kompyuta. Wodwala amagona m'makinamo ali maso, kwa mphindi makumi angapo kapena maola angapo, samva kutentha kulikonse, ndipo nthawi zambiri amabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Makina alipo amitundu ingapo. CyberKnife, imene anaiyambitsa John Adler ku yunivesite ya Stanford ku America, ndi mkono wa loboti wonyamula makina otulutsa cheza, ndipo m'malo mwa felemu wodwala amavala chigoba cha pulasitiki choumbidwa molingana ndi nkhope yake. Makina ena otulutsa cheza otchedwa LINAC okonzedwera ntchitoyi amachitanso chimodzimodzi. Chigoba chimalola kugawa chithandizo maulendo atatu kapena asanu, pomwe felemu ya mapini imagwira mutu molimba kwambiri pa ulendo umodzi. Kusiyana kwa mayina a makinawa kusakutayitseni tulo, luso la gulu lokonza pulani ndi limene limasiyanitsa kwambiri zotsatira.

Malire a radiosurgery ali pa kukula. Pa ulendo umodzi, chotupa chisapitirire masentimita pafupifupi 3 kapena 4, chifukwa chikamakula ubongo wabwino wozungulira umalandira cheza chochuluka. Motero mlingo umatsika pamene chotupa chikukula, zomwe n'zosiyana ndi zimene ambiri amayembekezera. Pa khansa yofalikira ku ubongo, malire odziwika ndi ma Gray (muyeso wa mlingo wa cheza) 24 pa chotupa chosapitirira masentimita 2, ma Gray 18 kufika masentimita 3, ndi ma Gray 15 kufika masentimita 4. Chotupa chachikulu, chomwe chimafuna mphamvu zambiri, n'chimene chimalandira zochepa. Malo nawonso ali ndi malire: mitsempha ya maso sipirira kupitirira ma Gray 8 mpaka 10 pa ulendo umodzi, kotero chotupa chotsamira pa mitsemphayi chimafuna opaleshoni kapena cheza chogawidwa maulendo ambiri.

Pamene radiosurgery imapambana ndi pa tizotupa ting'onoting'ono tambiri ta khansa yofalikira, timene sitingatheke kutsegulira chigaza malo osiyanasiyana, komanso pa zotupa zazing'ono zokhala mkati kwambiri kapena pansi pa chigaza pakati pa mitsempha yofunika. Vestibular schwannoma yaing'ono imalandira ma Gray 12 kapena 13, ndipo zambiri zimasiya kukula, nkhope osapuwala, ngakhale kumva kumatha kuchepa pang'onopang'ono m'kupita kwa zaka. Imathandizanso okalamba ndi odwala mtima amene sangapirire mankhwala ogonetsa. Pa glioblastoma, yomwe ndi glioma yoopsa kwambiri, radiosurgery siikhala chithandizo choyamba, chifukwa chotupachi chilibe malire enieni, maselo ake amalowerera mu ubongo kupitirira pamene MRI ikuonetsa. Chimafuna kuchotsa mbali yaikulu imene ingachotsedwe mosavulaza, kenako cheza cha ma Gray 60 chogawidwa maulendo 30 m'milungu 6, pamodzi ndi mankhwala a temozolomide. Nthawi zambiri njira ziwirizi zimathandizana: dokotala amachotsa chotupa chachikulu cha khansa yofalikira, kenako cheza n'kulasa m'mphepete mwa dzenje lotsalalo, kapena amasiya dala kachigawo ka meningioma kokanirira pa mtsempha waukulu kuti radiosurgery idzamalize. Zotupa zina sizifuna njira iliyonse mwa ziwirizi. Meningioma yaing'ono yosavutitsa amangoiyang'anira ndi MRI, ndipo prolactinoma, chotupa cha pa kachiwalo kotulutsa mahomoni pansi pa ubongo, imafota ndi mapiritsi a cabergoline.

Zovuta za opaleshoni zimaonekera m'masiku oyambirira, koma za radiosurgery zimabwera mochedwa, munthu ataiwalako. Pakapita miyezi 6 mpaka 18, malo olasidwa aja amatha kufa n'kutupa, mutu n'kuyambiranso kuwawa, ndipo pa MRI pamaoneka ngati chotupa chakulanso. Kusiyanitsa ziwirizi n'kovuta, kumafuna MRI yoyeza kayendedwe ka magazi, sikani ya PET, kapena kujambulanso pakapita milungu ingapo. Ambiri amachira ndi dexamethasone, amene amakweza shuga m'magazi ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi koma pochepetsa pang'onopang'ono. Ena amapatsidwa mankhwala a bevacizumab, ochepa amafika pochitidwa opaleshoni yomwe ankaipewa ija. Vestibular schwannoma nayo imatha kufufuma kaye isanayambe kufota, ndipo kuthamangira kuichotsa nthawi imeneyo n'kulakwitsa. Amene walandira radiosurgery pa khansa yofalikira amajambulitsa MRI pafupifupi miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, chifukwa cheza chinalasa zotupa zooneka zokha ndipo zatsopano zimatha kumera pena. Wa chotupa chosakhala khansa amajambulitsa patalipatali, koma kwa zaka zambiri.