Ndalama ya 8 reales ya m'sitima ya El Cazador, patatha chaka ndili nayo

Alamu anga akufuna kugula ndalama yasiliva yochokera m'sitima zomira, ngati yanga ija, ndipo andifunsa ngati ndikukhutira nayo. Yankho lake ndi lalitali, ndiye ndalilemba pano.

Yanga ndi ya 8 reales, ndalama yakale ya ufumu wa Spain, yosulidwa ku Mexico City mu 1783, pa nthawi ya mfumu Carlos III ya ku Spain. Inali m'sitima ya El Cazador, yomwe inanyamuka ku Veracruz, doko la ku Mexico, mu Januwale 1784 itasenza siliva wopita ku New Orleans, poti Louisiana, dera lomwe kuli mzindawu, panthawiyo anali m'manja mwa Spain ndipo ndalama zapepala kumeneko zinali zitatha mphamvu. Sitimayo siinafike. Inadzapezeka mu 1993, ukonde wa asodzi utakola pansi pa nyanja ya Gulf of Mexico n'kuvuula ndalama zomatirirana.

Nkhope ya mfumu ikuoneka bwino, chaka chikuwerengeka, zipilala ziwiri za kumbuyo zilipo, ndipo kachizindikiro ka Mexico, M wokhala ndi o kakang'ono pamwamba, sikanafufutike. Yatsopano inkalemera pafupifupi magalamu 27, yanga pasikelo ikukwana 23. Madzi amchere anadyako, ndipo pamenepo ndilibe mawu.

Chandisowetsa mtendere ndi kathumba kapulasitiki kofewa komwe wogulitsa anaikamo ndalamayi. Patapita miyezi ndinaona zobiriwira zomata m'tsitsi la mfumu ndi m'mipata ya zilembo za CAROLUS, dzina la mfumuyo. Nditamutumizira chithunzi, anangoti ndi mmene zimakhalira zinthu za m'nyanja. Ndinapita nayo kwa mkulu wina wogulitsa ndalama zakale. Iye asanaigwire n'komwe ananunkhiza kathumbako, n'kupukusa mutu. Akuti ndi ka pulasitiki ya mtundu wa PVC, ndipo mankhwala ofewetsera pulasitikiyo amatuluka pang'onopang'ono n'kumadya chitsulo. Anandiuza kuti ndiiviike mu acetone weniweni, mankhwala amadzimadzi osungunula zomata, osati wochotsera utoto wa m'zikhadabo poti amasakanizamo zina, ndipo ndisayerekeze kuikwecha ngati poto. Zobiriwirazo zinachoka, koma zinabweranso. Ndalama ya m'nyanja imakhala ndi timaenje tambirimbiri, ndiye zomatazo zimabisala mmenemo. Ndinaviikanso nthawi yaitali, n'kuisamutsira m'kabokosi kolimba. Pano zasiya, koma pafupi ndi khutu la mfumu patsala kadontho kakuda komwe sikanalipo tsiku loigula. Anthu ena sakaona. Ine ndi pomwe diso limayambira.

Masiku ena ndimaitenga n'kumaganiza kuti inagona pansi pa nyanja zaka zoposa 200, n'kuona kuti ndalama zanga sizinapite pachabe. Tsiku lomwe mkulu uja ananditchulira mtengo womwe angaigulire, mtima unasintha. Sunafike ndi theka la zomwe ndinalipira. Chifukwa chake n'chakuti ndalama za El Cazador zinavuulidwa zochuluka kwambiri, ndipo pamsika zangoti mbwee. Wogulitsa wanga analemba kuti ndi yosowa, koma zokwera mtengo kwenikweni ndi monga za m'sitima ya Nuestra Señora de Atocha, yomwe inamira mu 1622 kufupi ndi Florida, zambiri zosulidwa pamanja ku Potosí, mzinda womwe lero uli ku Bolivia, ndipo zimayenda ndi chikalata chokhala ndi nambala ya ndalama iliyonse. Chikalata changa ndi kakhadi kokongola kofotokoza mbiri ya sitima, kopanda nambala, kopanda chithunzi cha ndalama yangayi. Mungachimate pa ndalama ina iliyonse.

Titalemberana kwa nthawi, wogulitsayo anandibwezera mtengo wa kabokosi kokha, n'kunena kuti nthawi yobweza katundu inadutsa kalekale. Kupepesa ayi.

Alamu, ngati mukufuna yongosunga n'kumaonetsa ana, gulani, koma mufunse kulemera kwake, muone chikalata musanalipire, ndipo kathumba kofewako mukataye tsiku lomwelo. Ngati mukuti mudzaigulitse n'kupeza phindu, ndalama zanuzo gulirani malata. Kwa wogulitsa uja sindikutumizaniko.