Kuchonga kamodzi, chipani chonse: makina a eSlate a ku Texas ndi pepala la ku Michigan

Pepala lovotera la ku America ndi lalitali kwabasi. Ku Malawi wovota amalandira mapepala atatu, la pulezidenti, la phungu ndi la khansala, nkuthana nazo. Koma wovota wa ku Harris County m'chigawo cha Texas, kumene kuli mzinda wa Houston, pa chisankho cha Novembala 2018 ankasankha seneta, gavanala, aphungu, akuluakulu a kaunti, kuphatikizapo oweruza milandu pa mipando 59. Pofuna kuchepetsa ntchito, zigawo zina zimaika kabokosi pamwamba penipeni pa pepalalo. Ukachonga dzina la chipani, voti yako yapita kwa aliyense amene akuimira chipanicho mpaka pansi. Eni ake amati straight ticket. Lero njirayi yatsala m'zigawo 6 zokha: Alabama, Indiana, Kentucky, Michigan, Oklahoma ndi South Carolina. Ubwino ndi kuipa kwake kumadalira kwambiri chida chimene wovota wapatsidwa, ndipo zida ziwiri zikuonetsa bwino kusiyanako.

Tiyambe ndi eSlate, makina a kampani ya Hart InterCivic amene makaunti ambiri a ku Texas ankagwiritsa ntchito. Sikirini yake si yogwira ndi chala ayi. M'munsi mwake muli kagudumu kolembedwa SELECT, batani la ENTER, mabatani a PREV ndi NEXT obwerera ndi kupita patsogolo, ndiponso batani lofiira la CAST BALLOT. Woyang'anira chisankho amakupatsa kapepala kokhala ndi manambala 4. Umalowetsa manambalawo pozunguza kagudumu ndi kudina ENTER, kenako pepala la dera lako limaonekera. Ukasankha chipani pa tsamba loyamba, makinawo amachonga okha mayina onse a chipanicho m'masamba otsatira. Pomaliza pamabwera tsamba loonetsa onse amene wasankha, ndipo ukadina batani lofiira lija voti yapita, siibwereranso.

Mabatani ndi aakulu, amamveka pansi pa chala, ndipo kwa munthu wosaona bwino kapena wonjenjemera manja kagudumu kamagwirika bwino kusiyana ndi galasi losalala. Apa tikuyamikira.

Vuto loyamba ndi liwiro. Makinawa ndi a m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo amatenga kanthawi kuti amalize kuonetsa tsamba latsopano. M'masiku ovota msanga mu Okutobala 2018, anthu ena anadandaula kuti anasankha chipani chonse, koma pofika pa tsamba lomaliza anapeza kuti pa mpando wa seneta, pamene ankapikisana Ted Cruz wa Republican ndi Beto O'Rourke wa Democratic, voti yasamukira kwa winayo kapena pasanduka popanda kanthu. Ofesi yoyendetsa zisankho m'chigawocho inafotokoza kuti izi zinkachitika munthu akazunguza kagudumu kapena kudina batani tsamba lisanamalize kuonekera. Mpando wa seneta ndiwo unali woyamba pa mndandanda, choncho dzanja lofulumira linkagwera pomwepo. Kuthamanga sikufika, inde, koma sitingaimbe mlandu wovota yekha. Chida chimene chimalandira lamulo chisanamuonetse munthu zimene akulamula chinapangidwa molakwika, makamaka pamene njira yonseyi inakhazikitsidwira anthu ofuna kumaliza msanga.

Vuto lachiwiri ndi lobisika kwambiri. Munthu wasankha chipani, ndiye pofuna kutsimikiza kuti amene amamukonda walandiradi voti, amapita pa dzina lake nkudinanso ENTER. Pa eSlate kudina dzina limene lachongedwa kale kumalichotsa. Wokonda kwambiri ndiye amene amammana voti munthu wake. Pa pepala wamba kuchonga kawiri kotereku sikuononga kanthu. Chopulumutsa chinali tsamba lomaliza lija, kuliwerenga mzere ndi mzere, chifukwa makina a ku Harris County sankatulutsa pepala loti nkudzawerenganso pakabuka mkangano.

Ku Michigan zinthu nzosavuta. Wovota amalandira pepala ndi cholembera, amadetsa kabwalo kali pambali pa chipani, ndipo pepalalo amalilowetsa m'makina owerengera. Akafuna kupatuka pa mpando umodzi, amadetsa kabwalo ka munthu wa chipani china pa mpandowo, ndipo voti imeneyo ndiyo imawerengedwa pamenepo, kwina konse nkutsata chipani chake. Pepala limatsala ngati umboni. Pa zida ziwirizi, ichi ndicho tingachivomereze.

Komabe nachonso chili ndi msampha. Kabokosi ka chipani sikafika pa gawo lopanda zipani, lomwe kawirikawiri limapitirira mpaka kuseri kwa pepala. M'menemo ndi mmene muli oweruza milandu, makomiti a sukulu ndi mafunso a riferendamu. Ngakhale oweruza a khoti lalikulu la Michigan, amene amasankhidwa ku misonkhano ya zipani, amalembedwa m'gawo limeneli popanda dzina la chipani. Wochonga kamodzi nkunyamuka wasiya khoti lalikulu m'manja mwa anzake. Ku Indiana, kuyambira 2016, kabokosika sikawerengedwa pa mipando imene pamasankhidwa anthu angapo nthawi imodzi, monga makhansala ena. Ku North Carolina, asanathetse njirayi ndi lamulo la 2013, kabokosi ka chipani sikankaphatikiza pulezidenti, ndipo ankavoteredwa payekha. Dzina lake limalonjeza zonse, pamene malamulo a chigawo chilichonse amadulako zina.

Nanga ndi nzeru kuvota chonchi? Pa aphungu ndi maseneta tikuti palibe cholakwika. Dzina la chipani limakuuzadi mmene munthu akavotere ku nyumba ya malamulo pa misonkho, zaumoyo ndi mfuti, ndipo amene wasankha chipani mwadala sakuvota mwaumbuli. Phindu lina ndi mzere. Mphindi iliyonse imene munthu mmodzi wakhala m'kachipinda kovotera imachulukitsidwa ndi anthu onse amene ali kumbuyo kwake, ndipo amene amatopa nkubwerera osavota ndi aja olipidwa pa ola. Nkhani ya mizere ndiyo inali patsogolo ku Michigan pamene woweruza Gershwin Drain anaimitsa mu 2016 lamulo lothetsa njirayi, poona kuti likanapweteka kwambiri anthu akuda a m'mizinda ngati Detroit. Mu Novembala 2018 ovota eni ake anaikhazikitsa kudzera mu funso la riferendamu lotchedwa Proposal 3, nkuilemba m'malamulo aakulu a chigawocho.

Pamene sitikugwirizana nayo ndi pa mipando imene ntchito yake siyendera chipani. Ku Texas oweruza amaima pa tikiti ya chipani, ndiye kabokosi kankawakokolola onse pamodzi. Mu 2018 ovota oposa atatu mwa anayi alionse ku Harris County anachonga chipani chonse, ndipo a Democratic anatenga mipando yonse 59 ya oweruza. Ed Emmett wa Republican, mkulu wa kauntiyo kuyambira 2007, amene anthu a mbali zonse anamuyamikira pa nthawi ya namondwe Harvey mu 2017, anagonja kwa Lina Hidalgo wa zaka 27. Kaya wopambanayo ndi waluso chotani, mavoti ambiri sanayeze ntchito ya aliyense wa awiriwo. M'makaunti akumidzi zomwezo zinkachitikira a Democratic. Woimira payekha ndiye amavutika koposa, poti kabokosi kalibe malo ake. Taganizani nyumba ya malamulo ya Malawi ya 2019, imene inalandira aphungu 55 oima paokha, ikanakhala yotani pakanakhala kabokosi kotere.

Texas inathetsa njirayi ndi lamulo limene gavanala Greg Abbott anasaina mu 2017, ndipo linayamba kugwira ntchito pa chisankho cha 2020. Koma oweruza adakali pa tikiti ya chipani, ndipo mayina pa pepala sanachepe. Wovota wa ku Houston tsopano amachonga mpando uliwonse paokha, kuyambira pa seneta mpaka pa khoti laling'ono lomaliza.