Njinga ya pashopu kapena ya pafoni ku Matsumoto: ine ndalawa zonse

Anzanga a pagulu lathu la WhatsApp la Amalawi okhala kuno ku Japan andifunsa mokwanira kuti ukapita ku Matsumoto ubwereke njinga iti. Ndilembe kamodzi basi, wofunsa mawa ndidzangomulozera pano.

Matsumoto ali m'chigawo cha Nagano, m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri, pafupifupi mamita 600 pamwamba pa nyanja. Kuchokera ku Shinjuku, sitima ya Azusa imakufikitsani m'maola osakwana atatu. Pakati pa tauni m'posalala, koma musanyengeke. Mukalunjika ku Asama Onsen msewu umakwera mwakachetechete, ndipo wopita ku Alps Park ndi chitunda chenicheni, chondikumbutsa msewu wa ku Ku Chawe ku Zomba.

Njinga zilipo zamitundu itatu: yawamba ya pashopu, yomwe eni ake amaitcha mamachari, ya batire ya pashopu, ndi ya batire yomwe mumatsegula ndi foni pamalo ake oimikapo.

Mamachari ndi ija ya dengu kutsogolo, amayi amapita nayo kogula ndiwo. Ndi yotchipa, sivuta. Ngati ulendo wanu ndi wa ku linga lakale la Matsumoto Castle, msewu wa Nawate wa ziboliboli za achule, nyumba zakale za Nakamachi, sukulu ya Kaichi ya 1876 ndi myuziyamu ya zojambula komwe kuli ntchito za Yayoi Kusama, mwana wa mzinda womwewu, imeneyi yakukwanirani. Kungoti ife ataliatali mawondo amagunda mahandulo, ndipo pachitunda mudzatsika n'kumakankha ngati wakabaza wanyamula matumba awiri a makala.

Tsopano ya pafoni, yomwe ndili nayo mangawa.

Poyamba inandikomera. Palibe kulankhula ndi munthu, palibe kudzaza fomu m'Chijapani: ulembetsa khadi ya ku banki, udina, loko atseguka. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Njinga imeneyi imawerenga ndalama ndi nthawi, ndipo kukhoma loko si kubweza. Ine ndinaikhoma pafupi ndi linga lija n'kulowa. Amene munafikako mukudziwa: nsanja yakuda ija, yomangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, kunja imaoneka ya nsanjika 5 koma mkati ndi 6, mumavula nsapato, masitepe ake ndi oimirira ngati makwerero a nkhokwe, ndipo anthu amayenda pamzere mwapang'onopang'ono. Nthawi yonse yomwe ndinali kudikira agogo ena kuti akwere, njinga inali kudya ndalama zanga ili chiimire.

Wina ati, bwanji sunaibweze kaye n'kudzatenganso ina? Zoona, ndiye nzeru yake. Koma ukabweza, wina amaitenga, utuluka upeza pamalopo pali mbee. Ndinaopa zimenezo.

Chomwe chinandipweteka kwenikweni chinabwera madzulo. Njinga ya pafoni imabwezedwa pokhapokha pamalo ake pali mpata. Ndinafika pafupi ndi siteshoni, podzaza. Foni inandilozera pena, ndinapalasa mpaka uko, podzazanso. Kuisiya pambali sikutheka: nthawi imapitirira kuwerenga, komanso njinga zoimikidwa mwachisawawa pafupi ndi masiteshoni a ku Japan zimanyamulidwa, kukaiombola n'kulipira. Batire ya foni inali itafiira chifukwa cha mapu ndi zithunzi, ndipo foni ikazima ndiye kuti zonse zathera pomwepo. Malo achitatu ndi omwe anandilandira, kutali, ndipo ndinabwerera ku siteshoni wapansi, ndikuthamanga, sitima yanga itapita kale. Ndalama yoonjezera ija ikanandigulira mbale ziwiri za soba, yomwe ndi chakudya chotchuka cha kumeneko. Mpaka lero ndikaona soba mtima umandiwawa.

Ndisainamizire: pa ulendo wa mphindi 15, kuchoka pa siteshoni kupita kwinakwake komwe mwaona kale pafoni kuti mpata ulipo, ndi yabwino. Yopitira kukaona malo tsiku lonse, ayi.

Ulendo wachiwiri ndinabwereka ya batire pashopu. Mtengo ndi umodzi, wa tsiku, ndipo mumaudziwa musanakwere. Bambo wa pashopupo anandikwezera chishalo, anandipatsa chipewa choteteza mutu ndi mapu a pepala. Batire imakuthandizani pokhapokha mukupalasa, ndipo malamulo a kuno amati ileke kuthandiza mukafika makilomita 24 pa ola, ndiye musaganize kuti mwabwereka njinga yamoto. Koma ndinakwera ku Alps Park malaya ali ouma, ndinakhala phee kuyang'ana mapiri a Northern Alps osasuzumira pa wotchi. Potsika ndinamwa madzi pa chitsime cha Genchi. Vuto lake ndi limodzi: shopu imatseka madzulo, choncho funsani ola lake m'mawa momwemo.

Za pamsewu n'zofanana pa njinga zonse. Timayenda kumanzere ngati kumudzi. Kuyambira Epulo 2023 lamulo limalimbikitsa aliyense kuvala chipewa, ndipo kuyambira Novembala 2024 chilango cha kugwira foni kapena kupalasa utalawako mowa chinakhwima. Sake wanu, mowa wa mpunga uja, mudzamwe mutabweza njinga.

Ine ndiye ndili ku shopu, ndipo ya batire. Amene mukufuna munda wa wasabi (chomera chowawa chokometsera chakudya) wa Daio ku Azumino, musavutike kupalasa kuchokera ku Matsumoto. Kwerani sitima ya Oito, tsikani pa Hotaka, mashopu obwereketsa njinga ali pafupi ndi siteshoni pomwepo.