Masabata 11 amene sikelo inakana kutsika

Abale anga, popeza ambiri mwakhala mukufunsa kudzera kwa achemwali ngati opaleshoni yochepetsa thupi imene ndinachitidwa kuno ku Leicester, ku England, inaphula kanthu, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha, makamaka za nyengo imene thupi langa linasiya kuonda, chifukwa imeneyo ndiyo inandisautsa kuposa mabala a opaleshoniyo.

Opaleshoniyi imatchedwa gastric bypass. Madokotala amadula chifu chakumtunda n'kupanga kathumba kakang'ono ngati dzira la nkhuku, kenaka kathumbako amakalumikiza ndi matumbo aang'ono, kotero kuti chakudya chimalambalala chifu chotsalacho ndi chiyambi cha matumbo. Sang'amba mimba yonse ayi, amangoboola timabowo tingapo. Ku NHS, bungwe la boma loyendetsa zipatala kuno, amaganizira munthu za opaleshoniyi ngati BMI yake, umene ndi muyezo woyerekeza kulemera ndi kutalika, yafika 40, kapena 35 ngati ali ndi matenda ena monga a shuga, ndipo kwa ife anthu akuda a ku Africa malirewo amawatsitsa ndi 2.5 chifukwa shuga amatigwira tisananenepe kwambiri. Ine ndinkalemera makilogalamu 128, ndili ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi komwe, ndipo mawondo ankandiwawa pokwera masitepe a ku nyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito.

Kuima koyamba kwa sikelo kunabwera pa sabata lachitatu chichitikireni opaleshoni, ndikadali pa zakudya zopota ngati za mwana wakhanda. Sikunandidetse nkhawa kwenikweni popeza namwino anali atandichenjeza kale kuti m'masiku oyambirira thupi limawotcha shuga amene linasunga m'chiwindi ndi m'minofu, shuga ameneyo amachoka pamodzi ndi madzi ambiri, ndipo thupi likayamba kubwezeretsa madziwo sikelo imaoneka ngati yaima ngakhale mafuta akupitiriza kusungunuka. Patapita masiku owerengeka inayambanso kutsika.

Kuima kwenikweni kunandipeza m'mwezi wa 9, nditafika pa makilogalamu 94. Sabata linatha, lachiwiri linatha, mwezi unatha, nambala ili yomweyo. Ndinkakwera pa sikelo m'mawa, pobwera ku ntchito ndi pokagona, mpaka ndinaisuntha kuchoka ku bafa kupita nayo kukhitchini poganiza kuti mwina pansi m'posalingana. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti kunyumbako nkhani zinali zitatembenuka kawiri: poyamba, zithunzi zanga zitafika pa WhatsApp, ena ananong'onezana kuti ndadwala matenda aja, popeza kwathu munthu wonenepa ndiye timati akudya bwino ndipo woonda mwadzidzidzi timamukayikira, ndiye nditasiya kuonda omwewo anayamba kunena kuti azungu anandidula chifu pachabe. Azakhali mpaka anafuna kunditumizira tiyi woondetsa. Ndikuthokoza chikondi chawo, koma kathumba ngati kanga sikafuna zinthu zosadziwika, ndipo ngakhale ibuprofen amene timamwa mwachisawawa ndinaletsedwa chifukwa angathe kuyambitsa zilonda pamene anasoka.

Ine ndinali nditatsimikiza mumtima kuti kathumbako katanuka. Katswiri wa za kadyedwe sanatsutsane nane, anangondipempha kuti kwa masiku 7 ndilembe chilichonse cholowa m'kamwa mwanga, ngakhale chimene ndalawa pophika, pamodzi ndi nthawi yake. Pepala limenelo linandichititsa manyazi. Chakudya chenicheni ndinkadya chochepa ndithu, koma pa ntchito ya usiku, agogo amene timawasamalira akagona, ndinkamwa tiyi wa mkaka makapu anayi kapena asanu, kapu iliyonse ndi mabisiketi awiri oviika. Iye anandifotokozera kuti zinthu zofewa zoterezi zimangodutsa m'kathumba osakhalitsa, motero munthu angathe kuzitolatola usiku wonse osamva kukhuta, pamene nthuli ziwiri za nkhuku zimakhala m'menemo nthawi yaitali n'kumukhutitsa. Ndinali nditayambanso kumwera madzi pakudya, chizolowezi chimene amaletsa chifukwa madziwo amakokolola chakudya msanga njala n'kubweranso. Lamulo lake ndi kudikira mphindi 30 chakudya chitatha.

Komabe sikuti vuto lonse linali la mabisiketi, ndipo mfundo iyi ndiyo inandikhazika mtima pansi. Thupi la makilogalamu 94 limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa kusiyana ndi la 128, monga mmene galimoto yopanda katundu imamwera mafuta pang'ono, ndipo munthu akaonda mofulumira amataya minofu pamodzi ndi mafuta, chikhalirecho minofu imawotcha chakudya ngakhale munthu atakhala pansi. Kuwonjezera apo thupi likaona kuti chakudya chachepa kwa miyezi yambiri limayamba kuumira ngati mayi wosunga ufa m'mwezi wa Febuluwale. Kotero chakudya chimene chinkandiondetsa m'mwezi wachitatu chinali chitangokhala chokwanira kundisunga pamene ndinalipo. Katswiri uja anandiuzanso kuti anthu ambiri amaonda kwambiri m'miyezi 6 yoyambirira, kenaka liwiro limachepa mpaka kuima pakati pa miyezi 12 ndi 18, ndipo opaleshoniyi siilonjeza kuchotsa kunenepa konse.

Zimene ndinasintha n'zosachititsa chidwi. Ndinayamba kuonetsetsa kuti ndikupeza magalamu osachepera 60 a zakudya zomanga thupi pa tsiku, ndipo pa mbale ndimayamba ndi ndiwo, monga mazira, nsomba, nyemba kapena nkhuku, kenaka masamba, nsima pamapeto ngati malo atsala. Kunena zoona malo satsala kawirikawiri, ndipo mbamu imodzi yokha ikapitirira imandikhala pachifuwa ngati mwala. Walira mvula walira matope: munthu amene ndinakulira pa mitanda itatu lero ndimaiyang'ana nsima ngati mlendo. Usipa umene achemwali ananditumizira unandithandiza kwambiri, popeza umadyedwa ndi minga yomwe. Ku ntchito ndimapita ndi yogati wopanda shuga ndi dzira lowiritsa, tiyi ndinamusiya pa makapu awiri, ndipo madzi ndimamwa pang'onopang'ono tsiku lonse kuti akwane lita imodzi ndi theka. Kawiri pa sabata ndimanyamula zitsulo zopepuka kuti minofu ibwerere, chinthu chimene poyamba ndinkachiona ngati cha anyamata.

Sikelo ndinaiika pamwamba pa kabati ndipo ndimaitsitsa Loweruka lokha. M'malo mwake ndinagula tepi ya telala, imene inandionetsa kuti m'masabata omwe aja nambala inali chiimire, chiuno changa chinachepa ndi masentimita 4. Magazi atayezedwa anapeza kuti shuga ali bwino popanda mapiritsi, ngakhale ayironi anali wotsika, zimene zinafotokoza kutopa kumene kunkandichititsa kufuna zotsekemera usiku. Mavitamini ndiyenera kumwa moyo wanga wonse, ndipo jakisoni wa vitamini B12 ndimabayitsa miyezi itatu iliyonse, chifukwa mbali ya chifu ndi matumbo imene inalambalalidwa ndiyo imathandiza thupi kuyamwa zinthu zimenezi.

Pa sabata la 12 sikelo inasuntha ndi theka la kilogalamu, ndipo kuyambira pamenepo yakhala ikutsika mwaulesi mpaka pa 86, pamene yaimanso kwa miyezi itatu tsopano. Ndinkalota za 70, koma dokotala akuti n'kutheka kuti apa ndi pamene thupi langa lakhazikika, ndipo ntchito imene yatsala ndi kuteteza kuti ndisabwerere m'mbuyo, popeza ena amanenepanso pang'ono pakatha zaka ziwiri. Ndikabwera pa Khirisimasi, chonde amayi musakhumudwe mukaona ndasiya nsima m'mbale, ndipo Fanta musandigulire. Mundiphikire nyemba ndi chisoso, mundipakulire m'kambale ka mwana.