SimBrief ndi Funso la Kutalika kwa Ndege: Zimene Ndaona Patapita Miyezi Ingapo

Kuyambira nyengo yozizira yapitayi ndakhala ndikugwiritsa ntchito SimBrief pokonza maulendo anga onse a mu Microsoft Flight Simulator, pulogalamu yoyeserera kuyendetsa ndege pa kompyuta, ndipo ambiri mwa maulendowo amayambira pabwalo lathu la Kamuzu International Airport kuno ku Lilongwe. Chimene chinandikopa poyamba chinali kuwerengera mafuta, koma pamene miyezi yadutsa ndaona kuti phindu lalikulu la pulogalamuyi lili pa nkhani imene ambiri a ife timaithamangira, ndiyo kusankha kutalika kumene ndege iyenera kuyendapo ikamaliza kukwera. Anzathu ambiri amalemba FL350, kutanthauza msinkhu wa mapazi 35,000, pa ulendo uliwonse, kaya akupita ku Blantyre kaya ku Addis Ababa, chifukwa nambalayi imamveka ngati ya ndege zazikulu. Oyendetsa ndege enieni sachita choncho, ndipo pulogalamuyi imaonetsa bwino chifukwa chake.

SimBrief ndi yaulere ndipo imatsegulidwa pa intaneti. Munthu amalemba bwalo lonyamukira, bwalo lofikira, mtundu wa ndege ndi katundu amene wanyamula, ndipo iyo imatulutsa chikalata cha ulendo chofanana ndi chimene oyendetsa ndege amalandira asanakwere, chokhala ndi njira, mafuta, mphepo ya m'mwamba ndi kutalika koyenera. Siidya bandulo yambiri, ndipo chikalatacho chimatha kusungidwa pafoni, zimene zimathandiza magetsi akazima ulendo usanayambe.

Lamulo loyamba limene pulogalamuyi imatsata ndi la mbali imene ndege ikulowera. Ndege imene njira yake pa kampasi ili pakati pa madigiri 0 ndi 179 imayenda pa misinkhu imene masauzande ake a mapazi ndi osagawika ndi 2 (33, 35, 37), monga FL330, FL350 ndi FL370, pamene imene ili pakati pa 180 ndi 359 imayenda pa FL340, FL360 kapena FL380, kuti ndege ziwiri zoyang'anizana zisakumane pa msinkhu umodzi. Pakati pa FL290 ndi FL410 ndege zimasiyana mapazi 1,000 okha, mwa dongosolo lotchedwa RVSM limene linayamba kugwira ntchito mu Africa mu 2008. Kwa ife a ku Lilongwe lamuloli limasokoneza pang'ono, chifukwa maulendo athu ambiri ndi opita kumpoto kapena kumwera, osati kum'mawa kapena kumadzulo. Ulendo wa ku Johannesburg umaoneka ngati wolunjika kumwera, koma umapendekera kumadzulo, choncho umafuna FL360 kapena FL380. Wa ku Nairobi ndi wa ku Addis Ababa amapendekera kum'mawa, choncho FL350 kapena FL370 ndi yoyenera. Wa ku Chileka nawonso umapendekera kum'mawa, ndipo pobwerera umasintha. Pa miyezi yonseyi sindinaone pulogalamuyi ikuphonya lamuloli pa njira za m'chigawo chathu, ndipo pa VATSIM, malo a pa intaneti oulukirapo limodzi pamene pamakhala anthu enieni otsogolera ndege, chikalata chimene chatsata lamuloli chimavomerezedwa popanda kubwezedwa.

Koma nkhani imene yandiphunzitsa zambiri ndi ya maulendo afupi. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Chileka ndi mtunda wa mailosi a ndege pafupifupi 130, ndipo mailo imodzi yotere ndi makilomita 1.85. Oyendetsa ndege amawerengera kuti pa mapazi 1,000 alionse otsika pamafunika mailosi atatu. Bwalo la Chileka lili pa mapazi pafupifupi 2,500, kotero ndege imene ili pa FL350 iyenera kutsika mapazi oposa 32,000, ndipo kutsika kokhako kumadya mailosi pafupifupi 100. Mailosi 30 otsalawo sangakwanire kuti Boeing 737 ikwere kuchoka pa mapazi 4,000 a bwalo la Kamuzu kufika pa 35,000. Amene amaumirira nambala imeneyi amapezeka kuti kompyuta ya m'ndege yaika poyambira kutsika pamalo amene ndege isanamalize n'kukwera komwe, ndipo amafika pamwamba pa Blantyre ali m'mwamba kwambiri, n'kuyamba kuzungulira kuti atsike. Pa ulendo umenewu SimBrief imandipatsa misinkhu yotsika kwambiri, ya m'ma FL200, ndipo masamu ake amagwirizana ndi zimene zimachitika pa sikirini: ndege imakwera, imayenda mowongoka mphindi zochepa, kenako imayamba kutsika modekha. Ndikayendetsa Dash 8 Q400, mtundu umene Malawi Airlines imagwiritsanso ntchito, funsoli limachepa lokha, popeza ndegeyi nthawi zambiri siipitirira mapazi 25,000.

Pa maulendo aatali chimene chimalamula ndi kulemera. Boeing 737-800 imaloledwa kufika mapazi 41,000, koma nambala imeneyi ndi ya ndege yopepuka. Ikanyamuka yodzaza anthu, katundu ndi mafuta a ulendo wa mailosi pafupifupi 1,400 wa ku Addis Ababa, imakhala ngati lole yodzaza matumba a chimanga pa chitunda cha ku Dedza: imakwera ndithu, koma mwa giya yake. Mpweya wa m'mwamba ndi wopepuka, ndipo n'chifukwa chake ndege imasunga mafuta kumeneko, koma mpweya womwewo umachepetsa mphamvu ya injini ndi ya mapiko, kotero ndege yolemera ikakakamizidwa kukwera kwambiri imatsala ndi mpata wochepa pakati pa liwiro lotsika limene mapiko amalephera kuinyamula ndi liwiro lokwera limene silololedwa kupyola. Pa sikirini ya kutsogolo kwa woyendetsa zimenezi zimaoneka ndi maso, chifukwa timizere tofiira ta pamwamba ndi ta pansi pa mzere wa liwiro timayandikirana, ndipo injini zimalira pafupi ndi malire ake kuti ndege ingokhala pamene ili. Apa chikalata cha SimBrief chimathandiza polemba kukwera kwa pang'onopang'ono, mwachitsanzo kuyamba ndi FL350 ndi kusamukira ku FL370 mafuta akatsika. Kukwerako kumakhala kwa mapazi 2,000 nthawi imodzi, kuti ndege ikhalebe pa manambala a mbali yake.

Ngakhale zili choncho, sindiona chikalatacho ngati mawu omaliza, ndipo ndikhulupirira kuti amene akufuna kuyendetsa ngati enieni sayenera kutero. Kompyuta ya m'ndege ili ndi manambala ake awiri: pa tsamba la CRZ mu 737 pamalembedwa OPT ndi MAX, ndipo pa tsamba la PROG mu Airbus A320 pamakhala OPT ndi REC MAX. Woyamba ndi msinkhu wosunga mafuta pa kulemera kwa nthawi imeneyo, wachiwiri ndi malire osayenera kupyola. Chizolowezi chimene ndakhazikika nacho ndi kutenga nambala ya pachikalata, kuiyerekeza ndi OPT ndege ikafika pamwamba, ndi kusankha msinkhu wapafupi umene ukugwirizana ndi mbali imene ndikulowera. Manambala awiriwa akasiyana kwambiri, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chakuti kulemera kumene kwalembedwa pokonza ulendo sikukufanana ndi kumene kwaikidwa m'ndege, ndipo n'kofunika kusankha mu SimBrief manambala a ndege yeniyeni imene munagula ya mu Flight Simulator, osati mtundu wake wokha.

Nyengo nayo inasintha zotsatira m'miyezi imeneyi. Mu June ndi July mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo imakula m'mwamba mwa dera la kumwera kwa Africa, ndipo nthawi zina msinkhu wotsikirapo pang'ono umakhala wabwino kwa ndege imene ikulimbana nayo. M'miyezi yotentha ya October ndi November nambala ya MAX inkatsika ngakhale kulemera kusanasinthe, chifukwa mpweya wotentha umafooketsa injini. Mvula itayamba, mitambo ya mabingu inkakwera kupitirira pamene ndege ingafike, ndipo njira yoyenera ndi kuilambalala m'mbali, osati kuyesa kuidumpha. Zimenezi chikalata chokonzedwa munthu ali pansi sichingazione zonse, ndipo si ntchito yake.

Pali kanthu kamodzi kamene pulogalamu iliyonse singakuchitireni. FL350 imatanthauza mapazi 35,000 pokhapokha choyezera kutalika chaikidwa pa 1013 hPa, muyeso wa kupanikiza kwa mpweya umene ndege zonse zimagwiritsa ntchito m'mwamba, kotero amene wasiya QNH, muyeso wa mpweya wa pabwalo, mpaka m'mwamba sali pa msinkhu umene walemba, ndipo wotsogolera ndege pa VATSIM amaziona msanga. Batani la STD, limene limaika choyezeracho pa 1013 hPa, lisindikizidwe pokwera, ndipo QNH ya bwalo lofikira ibwezeretsedwe potsika, makamaka chakumwera kumene nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje imafika mamita 3,002.

Kwa amene amauluka maulendo a m'dziko muno okha, masamu a mailosi atatu pa mapazi 1,000 ndi lamulo la mbali n'zokwanira, ndipo angathe kuzichita papepala. Amene amapita ku Johannesburg, Nairobi kapena Addis Ababa ndi ndege yodzaza ndi amene angapindule kwambiri ndi SimBrief, ndipo ine ndipitiriza kuigwiritsa ntchito pa maulendo amenewo.