Seti ya matchizulo 12 ija, chaka cha sukulu chitatha

Nditangogula seti ya matchizulo osemera mitengo, ija yobwera m'kachikwama kansalu kokulunga, ndinalemba kuti ndi yooneka bwino, zigwiriro zake zimakhala bwino m'manja, ndipo mwana wasukulu sangalire nawo mtengo wake. Nthawi imeneyo n'kuti tisanayambe kusema. Teremu yoyamba tinaithera pa dongo ndi pulasitala, matchizulo ali phee m'chikwama. Panopa adutsa pa jakaranda, malaina, mlombwa ndi kachidutswa ka phingo, ndiye pali zoti ndinene.

Mwa 12 onsewo, amene amagwiradi ntchito ndi atatu: lalikulu la kukamwa kokumbika, lapakati lathyathyathya, ndi lija la kukamwa kwa V lojambulira mizere. Enawo ndi tating'onoting'ono tosasiyana kwenikweni, ndipo ndikuganiza kuti anatiikamo kuti seti ioneke yodzadza.

Pa jakaranda ndi malaina palibe chodandaula. Mitengo imeneyi ndi yofewa, tchizulo limangolowa, mapalapala n'kumatuluka opiringizika bwinobwino. Nkhani inavuta pa mlombwa. Aphunzitsi anatipatsa ntchito yosema mutu wa munthu kuchokera pa chipika chimodzi, osalumikiza kalikonse. Ndisanafike n'komwe pa mphuno, kukamwa kwa tchizulo lalikulu kunali kutapindika. Ukayendetsa chala kumbuyo kwake umamva kachitsulo kakukanda. Chitsulo chake n'chofewa, ndipo kufakitale anachinola mopyapyala kwambiri, mwina kuti wogula akachiyesa m'sitolo amve kuthwa.

Apa ndi pamene ndalama ina inatuluka, ya mwala wonolera wa mbali ziwiri, ina yokhakhala ina yosalala. Osema ambiri amanola matchizulo awo pa madigiri 20 mpaka 25, koma pa mtengo wolimba ine ndinakweza kufika cha ku 30 kuti kukamwa kukhale ndi mnofu kumbuyo. Kupindika kuja kunachepa ndithu, ngakhale kuti tsopano pamafunika kumenya mwamphamvu. Ndikachoka pa mwala ndimapaka pa lamba wakale wachikopa amene ndinakhomera pa thabwa. Kunolako sikutha. Pa mlombwa ndimaima pafupipafupi, pomwe mnzanga wa benchi yoyandikana nane, amene anasiyiridwa matchizulo akale ndi amalume ake a kalipentala, amatha m'mawa wonse asanagwire mwala.

Ku giraindala musapite nawo. Mnzathu wina anafuna chidule, kukamwa kunatentha mpaka kusanduka kwa buluu, ndipo chitsulo chikafika pamenepo chataya kulimba kwake. Anachita kudula mbali yonse yopsayo n'kuyambiranso.

Zigwiriro zija ndinaziyamikirazi zilibe mphete yachitsulo kumutu. Pomenya ndi nyundo yamtengo, ziwiri zinang'aluka. Ndinadula timphete ku paipi yakale yamadzi n'kuvekako, ndipo sizinasunthenso. Kachikwama kansalu nako kamasunga chinyontho. M'dzinja dzimbiri linayamba kugwira, makamaka pa tating'ono tosagwiritsidwa ntchito tija. Kupaka kamafuta ka mashini osokera musanasunge kumathandiza.

Chimene chinasintha kasemedwe kanga si setiyi ayi, koma sompho. Ndinaigula kwa wosula zitsulo pamsika, yosulidwa kuchokera ku sipuling'i yakale ya galimoto, mpini wake wokhotakhota wosapala n'komwe. Ntchito yochotsa mnofu wa chipika, imene ndi tchizulo imakutengera masana onse mkono uli wefuwefu, sompho imaimaliza tiyi asanazizire. Titapita kukaona osema a ku Mua, pa malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, chimene ndinkayang'ana kwambiri si ziboliboli zomalizidwa koma manja. Munthu wakhala pansi, chipika wachipana ndi mapazi, sompho ikugwa pang'onopang'ono pamalo amodzimodzi, dzanja osakwera kupitirira phewa. Ife kukalasi timamanga mtengo pa vaisi, ndiye kuti uone mbali ina umachita kuzungulira benchi. Iwo amangotembenuza chipikacho, ndipo n'chifukwa chake, m'kuona kwanga, zinthu zawo zimaoneka zamoyo mbali zonse pomwe zathu zambiri zili ndi kutsogolo kokha.

Mutu wa mlombwa uja unandipatsa phunziro lina losakhudza zida. Chipika chinali chisanaume mpaka m'kati, ndipo nyengo yotentha itafika mng'alu unatsika kuchokera pamphumi, kudutsa pambali pa diso mpaka pa tsaya. Mtengo umauma msanga kunja kusiyana ndi m'kati, ndiponso madzi amathawira kwambiri kumapeto kodulidwa, n'chifukwa chake odziwa amamata kumapetoko ndi sera kapena penti, ena n'kukumba m'kati mwa chosemacho kuchokera kunsi. Anzanga anati ndithiremo guluu wosakaniza ndi utuchi. Ndinakana. Ndinausiya mng'aluwo, ndinasiyanso zipsera za sompho kumbuyo kwa mutu osapalapo ndi sandipepa, nkhope yokha ndi imene ndinasalaza. Pa tsiku lounika ntchito kalasi inagawikana. Ena anati n'chosamaliza. Aphunzitsi anazungulira kawiri osayankhula, kenaka anangofunsa ngati mng'aluwo ndinaufuna kapena ndinangoulolera. Funsolo likundivutabe, chifukwa malikisi anali abwino koma yankho lolunjika ndinalibe.

Za phingo ndinene mwachidule. Ndi mtengo wolemera moti umamira m'madzi, ndipo matchizulo awa sauthana nawo. Ndinamalizira ndi tupa. Komanso mitengo ya mtundu wa Dalbergia, womwe phingo ali m'gulu lake, inalowa mu 2017 pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha, choncho si mtengo woti wophunzira azionongera poyeserera. Zambiri zakuda bii zimene mumaona pa misika ya ziboliboli ndi mitengo ina yopakidwa polishi wa nsapato.

Kwa amene mukuyamba kalasiyi chaka chamawa: setiyi ikutumikirani ngati ntchito zanu zili za mitengo yofewa ndipo simunyinyirika kunola. Mukakhala ndi ndalama yomweyo m'manja lero, bola mugule matchizulo atatu a chitsulo chabwino, ngakhale akaunjika, muonjezere mwala wonolera ndi sompho. Teremu ikubwerayi tiyamba miyala, ndipo aphunzitsi anena kale kuti tchizulo la mtengo lisayandikire pamenepo, ndiye ndabwereranso kwa wosula uja kukaitanitsa zitsulo zina zosongoka.